Kodi Torfi Wati Chiyani?

1

Ndiyambe ndi tchimo laling'ono, kuti lalikulu likamadzafika mudzakhale mutandizolowera.

Ine Torfi ndinakhala wansembe wa milungu ya makolo athu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, koma sindinakhulupirirepo mulungu ndi mmodzi yemwe. Thor ndi nyundo yake, Odinn wa diso limodzi, Njordur mwini nyanja, onsewa kwa ine ndi anthu a m'nthano. Kumwamba kuli mitambo ndi ndege zopita ku Amereka, basi.

Musagwire pakamwa. Kumagombe kwathu kuno, kumadzulo kwa Iceland, imeneyi si nkhani. Pagulu lathu la anthu makumi atatu amene timaima mozungulira moto, theka ndi anzanga osakhulupirira. Mphunzitsi wapasukulu amati milungu ndi mayina amene tinapatsa mphepo ndi mantha athu. Wina ndikumudziwa, amabwerera mowa wa uchi. Chipembedzo chathu sichifufuza zimene zili m'mutu mwako. Chimayang'ana zimene wachita, ndi zimene wanena dzanja lili pa mphete ya malumbiro.

Unsembewo ndinaupeza ngati mmene munthu amapezera chimfine. Sukulu ndinasiya ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, aphunzitsi ndi ine titagwirizana kuti tisamazunzane. Ndinakaphika m'sitima zausodzi mpaka chingwe cha ukonde chitandidyera zala ziwiri. Ndinatsala ndi zinthu ziwiri zothandiza: mawu omveka kutsidya kwa doko, ndi mutu wosunga ndakatulo zakale ngati chikwama cha wakuba. Mnzanga wa paubwana, Ketill, ndiye anayambitsa gululo, ndipo tsiku lina anangondiika nyanga yomwera mowa m'manja.

"Iwe Ketill," ndinatero, "ukudziwa kuti zimenezi ine sindizikhulupirira?"

"Ndikudziwa."

"Nanga nyangayi ukundipatsiranji?"

"Chitoliro sichimva nyimbo, mbuzi iwe. Koma nyimbo imadutsa momwemo."

Ketill anali wotero. Ankakhulupirira ngati mmene thanthwe limakhalira pansi. Nsomba yoyamba ankaibwezera m'nyanja kuti ndi ya Njordur, mabingu akagunda ankavula chipewa. Anamira mu Malichi, zaka makumi awiri ndi zitatu zapitazo, ndipo mtembo wake sunapezeke. Patapita zaka zitatu ndinakwatira mkazi wake Arndis, n'kulera mwana wake wamkazi Hekla.

Inde, mwawerenga bwino. Koma miyala yanuyo isungeni kaye. Muifuna kutsogoloku.

2

Zinayamba mu Okutobala zaka ziwiri zapitazo, tsiku limene Hekla analowa m'khitchini mwathu chipale chofewa chili m'tsitsi, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri ili patsogolo. Hekla amayendetsa boti lake yekha ngati bambo ake, ndipo salankhula mozungulira. Anakhala pansi, n'kutenga nsomba youma pambale panga, n'kuipaka batala.

"Ndalota bambo," anatero.

Arndis anali kudula buledi. Mpeni unaima.

Kwathu kuno, wakufa akabwera m'maloto kwa mayi woyembekezera, ndiye kuti wadzapempha dzina. Ngakhale azibusa a kutchalitchi amadziwa kuti wotere sumukana.

"Ndiye wabwera kudzalembetsa," ndinatero ine. "Ketill sankachedwa pamzere."

"Sanapemphe dzina, Torfi. Anaima apo, pafupi ndi zenera, juzi yake yaubweya ija ikudontha madzi. Ankapotokola wailesi, koma wailesi osalankhula. Kenako ananditembenukira n'kufunsa kuti, kodi Torfi wati chiyani?"

Khofi anandiwawa pakamwa. Ndinaseka, poti kuseka ndiye khasu langa.

"Maloto a mimba amenewo, mwanawe. Mayi ako ali ndi pakati pa iwe analota akukwatiwa ndi nkhosa."

"Ndipo malotowo anadzakwaniritsidwa," anatero Hekla, akundiyang'ana ndevu. Koma sanaseke, ndipo Arndis anali adakayang'ana buledi.

Nkhani imene mudzi wonse unkadziwa inali iyi. M'mawa wa tsiku lomaliza Ketill anabwera kwa ine kudzaombeza monga mwa nthawi zonse. Ndinaponya timitengo ta maere, timitengo tinati asapite, koma iye anaumirira chifukwa nsomba zinali zitabwera. Ndi zimene ndinauza anthu padoko tsiku lomwelo, tikukonza maboti okamufunafuna. Ndi zimene Hekla anakula nazo kuyambira ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri.

"Munthu anachenjezedwa," anatero Hekla tsopano, "anamva ndi makutu ake, n'kusankha nsomba. Ine ndinali kusukulu ndikumujambulira chithunzi cha boti. Lero abwere wonyowa kudzafuna dzina? Ayi. Mwana wanga sadzasenza dzina la munthu wosamva."

"Wakufa sakanidwa, Hekla," anatero mayi ake chapansipansi.

"N'chifukwa chake ndabwera. Pa tsiku lotcha dzina, Torfi agwire mphete, anene pamaso pa gulu lonse zimene zinachitika m'mawa uja. Bambo anafunsa kuti Torfi wati chiyani. Amve yankho lake, apite akagone." Anaika dzanja lake pa dzanja langa la zala zitatu lija. "Mundichitire chimenechi, bambo."

Zaka zonsezo Hekla anali asananditchulepo choncho. Ndinali Torfi basi. Ndinagwedeza mutu kuvomera.

3

Ndikuuzeni za timitengo timeneti.

Tinali tisanu ndi tinayi, chala kutalika kwake, kalikonse kolembedwa chizindikiro chakale. Umatiponya pansalu yoyera, n'kutola titatu maso ali kumwamba, n'kumasulira. Ketill sankachoka padoko asanamve zimene tanena. Zanyengo za pawailesi ankazinyoza. Amati anyamata a kulikulu ku Reykjavik amene sanasanzepo panyanja angamuuze chiyani. Wailesi ya m'boti mwake ankaizimitsa, ati imathamangitsa nsomba.

Tsono ine ndinali ndi kanyumba padoko kosokeramo maukonde, ndipo kuseri kwa mbiya ya mchere ndinkabisako kawailesi. M'mamawa uliwonse ndinkamvera zanyengo, n'kuzimitsa, n'kuyala nsalu. Ketill akalowa, akupukuta chipale pamapewa, mawu ake anali amodzimodzi.

"Lero Torfi wati chiyani?"

"Si Torfi, ndi milungu."

"Ponya, mbuzi iwe, kukucha."

Wailesi ikati namondwe, timitengo tinkati khala. Ikati bata, timitengo tinkati pita. Zaka zinayi milungu sinaphonyepo. Ketill ankadzitama nazo kumalo omwera khofi, ndipo ine ndinkaona kuti palibe amene ndikumulakwira. Mnzanga ankakhala wamoyo, milungu inkalandira ulemu, anyamata a ku Reykjavik ankagwira ntchito osadziwa kuti ndi aneneri. Ndinkati ili ndi bodza loyera ngati nsalu yomweyo.

Ndiye panali Arndis.

Ankagwira ntchito kophika buledi, ndipo ankaseka nthabwala zanga ndisanazimalize. Ketill anali mwamuna wabwino, koma anali ndi akazi atatu: nyanja, milungu, kenako Arndis. Ine ndinkapita kukagula buledi kawiri pa tsiku, ndili mbeta yosatha ngakhale theka la buledi. Mbalame za padoko zinanenepa chaka chimenecho. Tinayamba ndi maso, kenako dzanja pobwezera chenje, kenako masana ena kuseri kwa matumba a ufa. Mudzi wa anthu mazana atatu ulibe kobisala. Nyumba yokha imene tikanakhalamo osaonedwa inali ya Ketill, kumapeto kwa msewu, Hekla ali kusukulu, mwini wake ali panyanja.

Zachibwenzichi anthu anazinunkhiza okha pambuyo pake. Ananong'ona chaka chimodzi, n'kutopa. Ndinawasiya aganize kuti chinsinsi changa chonse ndi chimenecho. Munthu ukafuna kubisa ng'ombe, alole anthu akugwire ndi nkhuku.

Chimirire Ketill sindinaponyenso timitengo. Ndinatitsekera m'chitini cha khofi. Anthu ankati ndi chisoni.

4

Novembala kwathu dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Ndinayamba kupeza madzi pansi m'kanyumba kanga ka padoko, pafupi ndi khomo, pamene Ketill ankaima. Denga likudontha, ndinatero. Ndinakwera, denga linali bwino. Ndiye ndi chipale cha nsapato zanga, ndinatero. Ndinagwada, n'kunyambita chala. Mchere. Koma m'kanyumba ka maukonde chosakhala mchere n'chiyani? Mwaona, munthu wosakhulupirira amakhala ndi yankho nthawi zonse. Chimene amasowa ndi tulo.

Hekla analotanso kawiri. Ulendo wachiwiri madzi anali atafika m'mawondo mwa bambo ake. Funso linali lomwe lija.

Masana ena ndinapita kudziwe la madzi otentha, kumene amuna a m'mudzi timakaphikako mafupa ndi miseche. Ndinapezako Gestur yekha, mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu, amene pagulu lathu ndiye amasunga malamulo akale. Mutu wokha ndi umene unkaoneka mu nthunzi.

"Wansembe wafika," anatero. "Madzi ayera tsopano."

"Sendera uko, fupa iwe. Ndikufunse. Munthu atanama atagwira mphete, chimachitika n'chiyani?"

"Wanama ndani?"

"Ndikungofunsa. Thor amuponyera nyundo? Poti ine zaka zonsezi sindinaonepo munthu atathyoledwa mutu kuchokera kumwamba."

Gestur anapukuta kumaso. "Za Thor kamufunse mwini wake, ine sindinakumanepo naye. Chimene ndikudziwa n'chakuti nyanga ndi imodzi. Iwe ukalankhulirapo, umamwa, n'kupatsa mnzako. Ukanama, tonse timamwa bodza lako, mpaka womaliza."

"Ndi mowa chabe, Gestur."

"Eya, ndi mowa chabe. Mphetenso ndi siliva chabe. Nanga bwanji pamene ndinagwira mphete n'kulonjeza kuti mkazi wanga sadzafera kunyumba ya okalamba, ndinamusambitsa ndekha zaka zisanu? Ankandizonda ndani?" Ananditsinzinira diso. "Kale wolumbira monama ankachotsedwa pakati pa anthu nyengo zachisanu zitatu. Osadya naye, osamwa naye. Koma iwe ukungofunsa, eti?"

"Ndikungofunsa."

"Ukuoneka ngati nsomba ya dzana, Torfi. Kadye."

Mwana anabadwa mu Disembala, wamwamuna, wa nkhonya zazikulu. Monga mwa mwambo dzina linabisidwa mpaka tsiku lake, ndipo tinkangomutcha Mlendo. Kutatsala tsiku limodzi, Hekla anandikokera pambali, poti wansembe yekha ndiye amauzidwa.

"Dzina lake ndi Torfi," anandinong'oneza. "Mukatha kulumbira, mumuwaze madzi, mumutche. Amene anandilera ndi inu."

Taonani tsono malonda amene ndinaikiridwa patebulo. Ndinene mawu amene ndinali nditanena kambirimbiri, ndilandire mwana wamkazi, mdzukulu, ndi dzina langa likuyenda ndi miyendo ine nditapita. Wondigwira panalibe. Kumwamba kulibe munthu, ndipo nyanja siilankhula.

Madzulo ake ndinayesa kuyamba nkhani ndi Arndis akusita malaya anga a mwambo.

"Mawa lija," ndinatero.

"Unene zimene umanena masiku onse," anatero osatukula mutu. "Usawonjezere nthabwala."

5

Tinasonkhana pamchenga wakuda kuseri kwa doko, masana, kuwala kuli ngati kwa nyali yotha mafuta. Moto pakati, anthu makumi atatu mozungulira, Hekla ndi mwamuna wake atafungatira Mlendo m'chikopa cha nkhosa. Nyanja inali phee.

Ndinaitana milungu ndi mizimu ya dziko ndi mawu anga aakulu aja. Nyanga inazungulira koyamba, ya milungu. Inazungulira kachiwiri, ya akufa, aliyense kutchula wake. Kenako Gestur anandibweretsera mphete, yaikulu yolowa pamkono, yozizira ngati chitsulo cha nangula. Nyanga ili kumanzere, mphete kumanja.

"Torfi," anatero Hekla mokweza, "ndinu womaliza kulankhula ndi bambo anga. Anafunsa kuti mwati chiyani. Ayankheni."

Ndinatsegula pakamwa, bodza lili lokonzeka, losalala ngati mwala wa m'madzi. Sindinaone mzukwa, musayembekezere zimenezo. Ndinaona nyanga. Ndinawerenga amene amwe pambuyo panga: Gestur, mphunzitsi, mwamuna wa Hekla, kenako Hekla mwini, amene akayamwitse mwana. Ndipo ndinazindikira kuti zaka zonsezo nkhaniyi ndinainena padoko, m'khitchini, kumaliro, koma sindinainenepo ndi kamodzi komwe nditagwira mphete. Nthawi zonse ndinkapeza njira yozembera. Munthu wosakhulupirira kanthu, ankazemba chiyani?

"Timitengo sitinanenepo kanthu," ndinatero. "Kuyambira kale. Ndinkamvera zanyengo pawailesi, n'kuuza Ketill ngati zochokera kwa milungu."

Wina anaseka pang'ono, kuyesa ndi nthabwala zanga zija.

"M'mawa umene uja wailesi inati bata mpaka masana, kenako namondwe wa kumpoto chakumadzulo. Ndinamva bwinobwino. Ketill analowa, n'kufunsa. Ine ndinali nditapangana ndi Arndis kuti tikumane kunyumba kwake tsiku limenelo. Ndinaponya timitengo, ndinatola titatu, n'kumuuza kuti pita."

Moto unathetheka.

"Ndinadziuza kuti Ketill ndi msodzi, aona mitambo, abwerera. Koma sindinalekere pomwepo. Ali pakhomo ndinamuitana. Ndinati, Njordur akuti tsiku lonse ndi lako, usafulumire kubwerera." Mawu anga aakulu aja anali atasanduka a mwana. "Namondwe anafika thuu koloko. Maboti ena onse anali atalowa. Iye anakhala, chifukwa milungu inamuuza kuti akhale. Ketill sananyoze chenjezo, Hekla. Sanasankhe nsomba. Anamvera mpaka kufa. Ndipo nditamulanda moyo ndi mkazi, ndinamulandanso mbiri yake, padoko pomwepo, kuti anthu asandifunse."

Hekla sanalire. Anangomukumbatira mwana kwambiri mpaka mwanayo anadandaula.

Ndinaganiza kuti zathera pamenepo. Koma dzanja lina linagwira mphete pambali pa langa. Linali la Arndis.

"Anabwerera kunyumba kudzatenga fulasiki ya khofi," anatero, maso ali pamoto. "Anali akuimba. Anati, Torfi wati tsiku lonse ndi langa. Ine wailesi ndinali nditaimvera m'khitchini iye ali padoko. Ndinamupatsa fulasiki. Ndinamukonzera kolala ya juzi. Sindinanene kanthu."

Ndinamuyang'ana mkazi amene ndinagona naye bedi limodzi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Nthawi yonseyo ankadziwa kuti ndikunama. Nthawi yonseyo ndinkamubisira chinthu chimene iye ankandibisira. Tinkapatsirana mchere patebulo, Ketill atakhala pakati pathu.

6

Hekla anapereka mwana kwa mwamuna wake. Anabwera, n'kundilanda nyanga, n'kukhuthulira mowa wonse pamchenga.

"Uwu sitimwa," anatero.

Anatenga mbale ya madzi imene ndinayenera kugwira ine, n'kuviika zala zake, n'kuwaza mwana pamphumi. Mawu a mwambo sankawadziwa bwino, ananena ake.

"Ndiwe Ketill. Agogo ako anali munthu wosunga mawu, ndipo ankayesa kuti anzake ndi otero. Tenga dzina lawo, n'loyera."

Mwana analira, ndipo anthu anayankha mwambo. Kenako Hekla anatembenukira kwa Gestur.

"Lamulo likuti chiyani?"

Mkuluyo anakanda chibwano nthawi yaitali. "Pa mphete sananame," anatero. "Chimenecho chilembedwe. Koma anaika mawu ake m'kamwa mwa milungu, munthu n'kufa nawo. Nyengo zachisanu zitatu. Asaime pamoto wathu, asamwe pa nyanga yathu. Zikatha, mwana wa malemu ndiye adzanene ngati angabwerere."

"Nanga ine?" anafunsa Arndis.

Hekla anawayang'ana mayi ake kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutembenuka osayankha. Pa zilango ziwirizo, changa chinali chopepuka.

Ndinavula malaya a mwambo pomwepo, mphepo ikundiluma, n'kuwapereka kwa Gestur. Pochoka ndinamva akudzazanso nyanga.

Kupolisi kulibe mlandu wa timitengo. Lamulo la Gestur silili m'buku lililonse la boma, ndipo ndikanafuna ndikanapita kukaima pamoto paja, palibe akanandigwira. Sindinapiteko. Ino ndi nyengo yachisanu yachiwiri. Ine ndi Arndis tikadali m'nyumba imodzi, poti ndani wina angatilandire? Timalankhula zochepa, koma zimene timalankhulazo n'zoona, ndipo n'zodabwitsa mmene zoona zilili zochepa. Kamnyamata kaja ndimakaona patali, kakuyenda ngati msodzi woledzera. Madzi a pakhomo la kanyumba kanga anasiya. Mwina ndinasintha nsapato.

Sabata yatha m'mamawa ndinali padoko ndikusoka ukonde, Hekla akumasula chingwe cha boti lake. Chiyambire tsiku lija anali asanandilankhule. Anaima, nsana uli kwa ine.

"Zanyengo zati chiyani?"

Singano inandigwa m'manja.

"Mphepo ya kumpoto kuyambira masana," ndinatero. "Yamphamvu. Ubwerere msanga."

"Ndamva kale pawailesi," anatero, akudumphira m'boti. "Ndimafuna ndimve ngati munganene zomwezo."

Sanati bambo. Sanatinso Torfi. Koma anabwerera isanakwane leveni koloko, ndipo ine ndinali ndidakaima pomwepo.

7

Inu owerenga, ena mwa inu mumadzuka kupita kokapemphera mtima uli gwa, mukungotsatira mapazi a anzanu. Ena munasiya kalekale, ndipo mumaseka otsalawo monga ndinkasekera ine. Sindikukokerani uku kapena uko. Ine mpaka lero sindikhulupirira. Mukandifunsa ngati Ketill anabweradi kwa mwana wake, ndikuuzani kuti mayi woyembekezera amalota zambiri, ndipo mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amamva zinthu zimene akulu amayesa kuti sanamve. Yankho ndili nalo, monga mwa masiku onse.

Kulakwa kwanga sikunali kusakhulupirira. Ndinkaganiza kuti poti kumwamba kulibe womva, mawu onenedwa m'dzina la milungu salemera kanthu, ndi utsi, ungawapinde mmene ufunira. Ndinaiwala kuti pansi pano panali womva. Anali ataima pakhomo panga, chipale chili pamapewa, akundikhulupirira.

Chitini cha khofi chija ndinachitsegula. Timitengo ndinakatiponya m'nyanja, tonse tisanu ndi tinayi, ndipo sindinayang'ane mmene tinagwera. Koma m'mawa uliwonse, ndisanamwe khofi wanga, ndimathira woyamba m'madzi kumapeto kwa doko. Gestur anandipeza tsiku lina, n'kufuula ali patali, poti kuyandikira saloledwa.

"Ukuthirira ndani, iwe wosakhulupirira?"

"Palibe!" ndinayankha.

"Nanga bwanji wavula chipewa?"

Milungu kulibe, ndikubwereza. Koma Ketill analipo, ndipo khofi ankamukonda wopanda shuga.